Siponji pa Chinkhoswe cha Mwana wa Mlongo Wanga

Mwezi wathawu tinali pa maliro kufupi ndi Nzama, ndipo ndinakhala pa mkeka umodzi ndi mwana wamkazi wa mlongo wanga, amene tsopano nayenso imvi zayamba kumutuluka. Nyimbo ili m'kati, mtsikana wina wochokera ku tauni anamutsamira n'kumufunsa monong'ona kuti, "Anti, mumamwa tiyi wanji kuti thupi likhale chonchi? Ine ndayesa mitundu yonse, koma mimba osaphwa." Mwana wa mlongo wangayo anayankha kuti amamwa tiyi wamba wa ku golosale, n'kupitiriza kuimba. Ine nyimbo inandithawa pakamwa. Bokosi linali lisanatuluke n'komwe m'nyumba, koma maso a munthu wamkazi anali atayamba kale kuyeza chiuno cha mnzake. Ndipo thupi limene ankalisirira tsiku limenelo ndi lomwelija limene akazi a midzi iwiri analiweruza kuti ndi la munthu woyembekeza manda, m'zaka zoyamba za matipate.

Mwanayu anabadwa wowonda. Anatengera mayi athu, amene anali aatali, a mafupa oonekera, koma anabereka ana ndi kulima mpaka ukalamba osadziwa khomo la chipatala. Nayenso mwanayu ankasenza thumba la kachewere kuchokera ku dimba mpaka ku msewu wa ku Mlangeni osatula. Akanabadwa m'nthawi ya ife, anthu akanangoti ndi mtundu wawo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Koma iye anakula m'zaka zimene matenda aja ankalowa khomo ndi khomo. Anthu ankawatchula kuti kaliwondewonde, ndipo dzinalo linasandutsa munthu aliyense kukhala sing'anga. Moni analeka kukhala moni. Mkazi mnzako akamakugwira dzanja, maso ake ankayenda m'khosi mwako, m'masaya, m'akakolo. Akakuuza kuti "mwanenepatu," unkadziwa kuti wapulumuka mpaka Lamulungu lotsatira. Akangoti "kodi muli bwino koma?" unkadziwa kuti pofika madzulo mudzi wonse ukhala utakuika m'manda. M'zaka zomwezo lamulo la kavalidwe linachotsedwa, mabelo a kaunjika anadzaza m'misika, ndipo atsikana anayamba kuvala zothina. Ine ndinalibe nazo mawu zovalazo. Chimene chinkandinyansa n'chakuti ufulu umene tinkauimbira nthungululu unangowonjezera malo oyang'ana pa thupi la mkazi, ndipo oyang'anitsitsawo tinali akazi tomwe.

Mnyamata amene anamufunsira anali wa ku Kasinje, ku chigwa, wa m'banja lolima mpunga. Ankakwera kudzagulitsa mpunga pa msika wathu, ndipo anali wofatsa, wolankhula moyang'ana pansi. Mwanayu anamukonda, ndipo sankatha kubisa. Tsiku limene mayi a mnyamatayo anabwera ndi mwana wawo wamkazi kudzaona pakhomo, ine ndinaitanidwa monga azakhali. Mwanayu atagwada kuti apereke moni, mayi aja sanamusiye dzanja msanga. Anazunguliza chala chachikulu ndi cha mkombaphala pa mkono wake, zalazo n'kukumana, kenaka anayang'ana mwana wawo wamkazi uja. Anadya bwinobwino, anayamikira ndiwo, anatsanzika.

Mawu anabwera pambuyo pake kudzera mwa ankhoswe: kodi mwanayo sakudwala? Awiriwo anali atapita kale kukayezetsa magazi, ndipo onse anapezeka ali bwino. Mayi aja atauzidwa zimenezo, akuti anayankha kuti achipatala anaona magazi a m'botolo, pamene iwo anaona munthu. Komabe analola kuti chinkhoswe chichitike m'chilimwe, ati mwina pofika nthawiyo mwana adzakhala atabwerera m'thupi.

Apa m'pamene nkhaniyo inalowa m'manja mwa mayi ake aakulu a mwanayu, mkulu wawo wa alamu anga amene anamubereka. Anali mayi wa thupi lodzaza mpando, wogulitsa kaunjika, ndipo chifukwa cha thupilo mawu awo pa nkhani za akazi sankatsutsidwa. Anayamba ndi phala la nsinjiro m'mawa, masana ndi madzulo, mpaka mwana ankachita kutsokomola nalo. Litakanika phala, anabweretsa mapiritsi a pa msika okulungidwa m'kapepala, amene ena ankati ndi onenepetsera nkhuku za m'khola. Mwanayu anayamba kusinza masana dzuwa likuswa mtengo. Nkhope inatupa, maso analowa m'kati, koma manja ndi miyendo zinali zomwezija.

Ndinapita kwa mlongo wanga. Ndinati, "Achimwene, mwana wanu akumwetsedwa mankhwala a nkhuku."

Iwo anapitiriza kusema mpini. "Zimenezo n'za akazi, achemwali. Mukakambirane ndi alamu anu."

Alamu anga ndinawapeza akupeta. Ndinayamba ndi kufunsa za m'dimba, monga kuyenera, ndisanafike pa mwana. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Alamu, inu munapita patali ndi sukulu, ndipo timakulemekezani. Koma banja ili likalephereka chifukwa cha mbiri imeneyi, palibe wina adzagogode pano. Mwanayu akadzamera imvi pakhomo, mudzamusunga ndinu?"

Sindinawayankhe mwaukali. Anali mayi wamantha, osati woipa, ndipo mawu a azakhali ali ndi malire pa mwana amene mayi wake ali moyo. Mapiritsiwo anawathetsa mwanayo mwini wake. Tsiku lina mtima unamuthamanga ali ku dimba mpaka anakhala pansi m'ngalande, ndipo atabwerako anakawataya m'chimbudzi. Kutupa kunaphwa. Chinkhoswe chinayandikira iye ali mmene Mulungu anamulengera.

M'nyumba mwanga munali galasi lalitali limene malemu amuna anga anabwera nalo kuchokera ku migodi ya ku Joni. Linali lokhalo m'mudzimo loonetsa munthu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, choncho akwatibwi onse ankavekedwera kwa ine. M'mawa wa tsikulo akazi anadzaza m'chipinda, ndipo mayi aakulu aja analowa atapanira mtolo m'khwapa. Atamasula, ndinaona zidutswa za siponji zodulidwa ku matiresi akale amene ana awo anakulirapo. Siponjiyo inali yachikasu chodera, ya mawanga amene mayi aliyense amadziwa chiyambi chake. Anali atasokerera ina m'kati mwa andiloko, ina anaikonza kuti ilowe m'kamisolo, ndipo panali timizere ta chitenje chakale tomangira.

"Kweza manja, mkwatibwi," anatero. "Tikuwonjezere pamene Mlengi dothi linamuthera."

Akazi anaseka. Anamuzunguliza nsalu m'chiuno, anamanga, anakoka, anamanganso. Wina anati, "Muikenso kumanzereko, kwapendekeka ngati nkhokwe ya chaka chatha." Wina anati, "Basi, mukapitiriza adzakanika kutuluka pakhomo, a ku Kasinje adzachita kugumula khoma." Ankamutembenuza uku ndi uku, kumumenya kumbuyo kuti aone ngati zikugwedera bwino, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamuyang'ana kumaso.

Ndinati, "Amayi aakulu, pepani ndilankhuleko. Mnyamatayu akudziwa munthu amene anamufunsira. Nanga tsiku limene adzapeze siponji, tidzati chiyani?"

"Akamadzafika pa siponji, azakhali, abusa adzakhala atadalitsa kale," anayankha osacheuka, ulusi uli pakamwa. "Ife tabwereka galasi. Pakamwa sitinabwereke."

Kunali kusekanso. Alamu anga anayang'ana pansi. Atamaliza kumuveka diresi pamwamba pa zonsezo, anamuimika pa galasi paja n'kuyamba kululutira. M'galasimo munali mkazi wa mbina yaikulu ndi chifuwa chotukuka, ndipo pamwamba pake panali kakhosi kowonda ndi nkhope ya mwana wa mlongo wanga. Anandiyang'ana kudzera m'galasimo, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Azakhali, ikununkha."

Inkanunkhadi. Anamuthira mafuta onunkhira, fungolo n'kusakanikirana.

Pa chinkhoswe cha kwathu pali kamwambo kamene anthu amakakonda kwambiri. Mkwatibwi amatuluka pamodzi ndi atsikana ena, onse atafunditsidwa zitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo mnyamata amauzidwa kuti aloze wake. Ndi masewera chabe. Mnyamata amachita ngati wasokonezeka, anthu amaseka, kenaka amaloza molondola, chifukwa munthu amadziwa msinkhu ndi maimidwe a amene anamusankha. Mayi aakulu aja anaona kuti apa pali mwayi wina. Anasankha atsikana awiri owonda kwambiri pa abale onse, ana a sukulu, kuti aime naye, n'cholinga choti mkwatibwi aoneke wonenepa koposa. Za mnyamata sanaganizeko n'komwe. Maganizo awo onse anali pa maso a mayi ake.

Kunja kunkatentha kwambiri. Alendo anakhala m'chisakasa, ndipo tambala amene anabwera naye kuti adzasinthane ndi msoti wathu anali atamangidwa miyendo pansi pa mtengo wa mapichesi. Atatuwo anatulutsidwa akuyenda pang'onopang'ono, wonenepa ali pakati. Ndinaona mayi a mnyamata akukhala tsonga. Anali atamva kuti mwana akudyetsedwa, ndipo anagwedeza mutu mokhutira, n'kumalozera mwana wawo ndi milomo kuti wapakatiyo.

Mnyamata sanawayang'ane. Anayenda kutsogolo kwa atatuwo, anamudutsa wapakati osaima, n'kukagwira phewa la wa kumapeto. Atamuvundukula, anali mwana wa sukulu uja, akuseka. Anthu anaseka nawo, poganiza kuti ndi masewera a masiku onse. Woyendetsa mwambo anati, "Mkamwini, maso akuvutani kodi? Tayesaninso." Mnyamata anabwerera, anamudutsanso wapakati, n'kukagwira wa mbali inayo. Anali mwana wa sukulu winanso. Kuseka kunachepa.

"Watsala mmodzitu apa," anatero woyendetsa mwambo.

Mnyamata anaima, anayang'ana mtolo wa pakatiwo, kenaka anatembenukira kwa ankhoswe ake. Analankhula mwaulemu, koma aliyense anamva. "Amalume, wanga sanatuluke. Ameneyu si iye. Wanga ndimamudziwa."

Mayi aakulu aja anathamanga kukachotsa chitenje okha. Mwana wa mlongo wanga anaima pamenepo thukuta likuyenderera, ufa wa kumaso utasungunuka n'kulemba mizere m'masaya, milomo itayera. Mnyamata anabwerera m'mbuyo. Sindikhulupirira kuti ananyansidwa naye. Ndikuganiza kuti anachita mantha, monga mmene munthu angachitire ataona mutu wa m'bale wake pa thupi la mlendo.

Mchemwali wa mnyamatayo, yemwe uja anabwera kudzaona pakhomo, anadzuka akuvina kuti akonze zinthu. Anafika n'kumukumbatira mlamu wakeyo, kenaka anamumenya kumbuyo mwachisangalalo monga amachitira akazi. Dzanja linamira osamveka. Anasiya kuvina. Anatsina pomwepo, mwana osagwedezeka. Anagwada ngati akukonza diresi, analowetsa dzanja kunsi, ndipo anadzuka atagwira chidutswa chachikasu chija. Anachikweza m'mwamba.

"Amayi, taonani mbina ya ku Mlangeni."

Amuna ena anaseka, ena anayang'ana kumbali. Mayi a mnyamata sanaseke. Anadzuka, anamanga chitenje chawo bwinobwino, n'kunena kuti, "Munthu wabwinobwino samukulunga. Ife tinkangofunsa. Tsopano mwatiyankha nokha."

Zimene zinatsatira sindikonda kuzikumbukira. Akazi a mbali zonse ziwiri anamuzungulira mwanayo, a uko pofuna kutsimikiza, a kuno pofuna kutsutsa, koma manja awo ankachita chinthu chimodzi. Ankamufinya mikono. Wina anamukokera kolala pansi kuti aone mafupa a m'khosi. Wina anamutsitsa chikope ndi chala kuti aone ngati muli magazi. Mayi aakulu aja ankakuwa kuti mwana wawo amadya, afunseni aliyense, amamaliza mbale. Ankakangana pa iye ngati mmene amakanganira pa mbuzi tsiku la msika, ndipo iye anangoima, manja ali lende. Ndinadutsa pakati pawo, ndinati "zikomo, zikomo" kwa aliyense amene ndinamukankha, ndinamugwira dzanja n'kupita naye kunyumba kwanga.

Ndinamumasula ndekha. Timizere ta nsalu tija tinali titamudula m'chiuno, ndipo siponji inali itamwa thukuta mpaka kulemera. Anasamba nthawi yaitali. Ine ndinatenga zonsezo ndi ndodo n'kukaziwotcha kudzala, ndipo utsi wake wakuda unanunkha mudzi wonse pamene alendo ankakwera galimoto osadya. Anaiwala tambala pansi pa mtengo paja, kapena anamusiya dala. Mlongo wanga anamubweretsa kwa ine kuti ndimusunge mpaka nkhani itaoneka mutu wake, popeza nkhuku yotero siidyedwa kapena kusakanizidwa ndi za pakhomo mawu asanathe. Mwanayonso anatsala kwa ine. Kwa mayi ake sankafuna kupondako.

Ankhoswe anayenda maulendo angapo. Mvula yoyamba itagwa, mnyamata anabwera yekha, ndipo ndinamulandira pa khonde, alamu anga ali pomwepo. Anati iye akumufunabe mwanayo, ndipo wakambirana ndi mayi ake mpaka afewa. Nkhope yake inali yowala ngati wabweretsa mphatso.

"Amayi akuti abwere adzakhale kwathu mpaka tidzakolole mpunga," anatero. "Azidzadya pamaso pawo. Kwathu mpunga ndi wosasowa, milamba iliponso. Akadzaona kuti thupi labwera, ukwati udzachitika."

Alamu anga anawomba m'manja mothokoza. Mwanayo anali atakhala pa mphasa chapatali, ndipo anafunsa osakweza mutu kuti, "Nanga ndikapanda kunenepa?"

"Mudzanenepa," anatero mnyamata.

"Ndamva. Koma ndikapanda kunenepa?"

Mnyamata anayang'ana zala za kumapazi kwake. Anali mnyamata wabwino, ndipo pa chinkhoswe paja anali yekhayo amene ankafunafuna munthu weniweniyo. Koma sanathe kunena mawu amodzi okhawo amene ankafunika.

Atapita, alamu anga anamuchonderera mwana mpaka misozi. Anamuuza kuti akakana, anthu adzati wakana chifukwa akudziwa chimene chili m'thupi mwake, ndipo ananena zoona, chifukwa anthu anaterodi kwa zaka zambiri. Mwanayo analira masiku ambiri, pakuti ankamukonda mnyamatayo. Ine sindinamuuze chochita, ndipo iye sanandifunse. M'mawa wina ndikuwazira tambala uja madeya, anabwera n'kuima pambali panga.

"Azakhali, mukam'bweze. Kumangidwa siponji ndinalola. Koma zoti ndikakhale m'khola, anthu azibwera kudzandikweza m'manja kuti aone ngati ndalemera, ayi."

Tinatsikira ku Kasinje ndi amalume ake a mwanayo, amene anali nkhoswe, ine ndikuimira mbali ya bambo. Tinakwera matola, tambala ali pa miyendo panga. Kumeneko anatilandira mwaulemu, anatiyalira mkeka pa mthunzi wa mango, ndipo amalumewo anafotokoza zimene tinadzera m'mawu osankhidwa bwino, osanyoza munthu. Mnyamata anamvetsera ali chiimire pa ngodya ya nyumba, kenaka anatenga khasu n'kulowera ku minda.

Ndinagwada n'kupereka tambala kwa mayi ake ndi manja awiri. Ndinkayembekeza kuti afunsa za mwanayo, ngakhale mwamwambo chabe. Iwo anamulandira, anamukweza m'mwamba ndi kumutsitsa, anapatula nthenga za pachifuwa n'kukanikiza ndi chala chachikulu.

"Nayenso mwamuwondetsa," anatero.

Potsanzikana anatiperekeza mpaka ku msewu, monga anthu a ulemu wawo. Pondigwira dzanja, dzanja lawo lina linakwera pa mkono wanga n'kufinya pamwamba pa chigongono. Anati, "Koma inu thupi lilipo ndithu, mayi. Mwanayo anangophonya kutengera inu."

Ndinati zikomo, chifukwa amalume ake anali pomwepo ndipo sindinafune kuwasiyira mlandu wina. Pa matola, ulendo wonse wokwera phiri, ndinkangopukuta mkonowo ndi nsonga ya chitenje.